Mukasintha madzi m'jakuzi, klorini abwere pomaliza

Ambiri a ife amene timagwira ntchito m'mayadi a ku Borrowdale, Highlands, Greendale ndi Mount Pleasant mumzinda wa Harare tinayambira pa dziwe losambira. Kuwola masamba, kusesa pansi, kutsuka fyuluta ya mchenga, kuthira kapu ya klorini dzuwa likamalowa, zonsezi manja anazolowera. Ndiye bwana akagula jakuzi, bafa lalikulu la madzi otentha lokhala ndi majeti opopera madzi, timangoti ndi kadziwe kakang'ono, tizithiramo zomwezo koma zochepa. Apa ndi pamene zinthu zimasokonekera. Ine ndimasamala jakuzi pa nyumba ina yogona alendo kumpoto kwa mzinda uno, ndipo abale akumudzi tikakumana potuluka m'tchalitchi ku Mbare funso lawo limakhala limodzi: madzi ndasintha, tsopano ndithire chiyani? Mankhwala ake si ambiri. Chimene chimavuta ndi kudziwa choyamba ndi chiti, chomaliza ndi chiti, komanso kuyeza madzi musanathire kanthu.

Taganizani kaye za kuchuluka kwa madzi. Dziwe la panyumba limatha kukhala ndi malita 50,000. Jakuzi yathu ili ndi malita 1,500 okha. Anthu 4 akalowamo, n'chimodzimodzi anthu oposa 130 atalowa m'dziwe lija nthawi imodzi. Onjezani kuti madziwo ndi otentha madigiri 37 kapena 38, munthu akutuluka thukuta, mafuta odzola akusungunuka pakhungu, ndipo klorini m'madzi otentha sachedwa kutha. Kulakwitsa kwa supuni imodzi kumene dziwe silingakumve, m'jakuzi kumasintha madzi onse.

Ntchito imayamba madzi akale asanatayidwe. M'kati mwa mapaipi mumamera zoterera zimene klorini wamba salowamo, ndipo mukangothira madzi atsopano osatsuka mapaipiwo, mwasambitsa kunja kokha. Kumasitolo a zamadziwe amagulitsa mankhwala otsukira mapaipi a jakuzi. Mumathira m'madzi akale omwewo, kuyatsa majeti monga botolo lanenera, n'kuona zonyansa zotuwa zikuyandama. Mukatero zimitsani magetsi pa switchi yaikulu, tayani madzi, pukutani m'kati ndi nsalu yofewa yopanda sopo, tsukani fyuluta. Pothira madzi atsopano, lowetsani paipi pabowo pamene pamakhala fyuluta, osati kungoiponya pakati. Mukatero madzi amayamba kudzaza mapaipi ndi pampu n'kukankha mpweya kunja. Mukaponya pakati, mpweya umatsekeredwa m'pampu, mumayatsa n'kumva ikulira koma majeti ali zii. Ndipo musayatse magetsi madzi asanapitirire majeti a pamwamba, hita ikayaka yopanda madzi imapsa.

Tsopano funso la ku Harare kuno: madziwo achokera kuti? Madzi a m'mipopi ya mzinda amachokera ku Lake Chivero n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, koma nyumba zambiri za kumpoto zimadalira borehole kapena madzi ogula obwera pa lole n'kuthiridwa m'thanki. Madzi a borehole amaoneka oyera mbee, koma ena amakhala ndi chitsulo chosungunuka chimene maso sangachione. Chitsulocho chikakumana ndi klorini chimachita dzimbiri pomwepo.

Mwana wa mchemwali wanga amagwira ntchito ku Glen Lorne. Tsiku lina masana anandiimbira foni mawu akunjenjemera: "Amalume, tabwerani msanga, madzi asanduka tiyi. Adona akubwera ndi alendo madzulo." Nditafika ndinapeza zoonadi, madzi ofiirira, mzere wachikasu utayamba kale kugwira m'mbali mwa jakuzi yoyerayo, fyuluta yatsopano itasanduka yofiira. Mnyamatayo anali atatsuka bwinobwino, atadzaza madzi a borehole, n'kuthira klorini wambiri nthawi yomweyo kuti aphe tizilombo. Maganizo ake anali abwino. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, tenga ndowa yoyera ija, tunga madzi pa mpopi wa borehole." Anatunga, madzi oyera bwino. Ndinatsinira klorini pang'ono, n'kutakasa ndi kamtengo. Tisanamalize kucheza, madzi a m'ndowa anali atayamba chikasu. Alendo tsiku limenelo sanasambe. Tinasiya pampu ikuyenda, iye n'kumatsuka fyuluta mobwerezabwereza mpaka dzimbiri linachepa, ndipo mzere wa m'mbali uja unafuna kupukuta kwa masiku.

Kuyesa kwa ndowa kumeneku chitani nthawi iliyonse pamene simukudziwa madzi, makamaka ogula, chifukwa lole ya lero ndi ya mwezi watha mwina sizinatunge malo amodzi. Madzi akafiira ndiye kuti muli chitsulo, akada muli manganese, akabiriwira koma osachita mbuu nthawi zambiri ndi kopa. Zikatero mankhwala oyamba kulowa m'jakuzi ndi ogwira zitsulo, amene pabotolo amalemba metal remover kapena stain and scale. Iwowa sachotsa chitsulo m'madzi, amangochimanga kuti chisachite dzimbiri, n'chifukwa chake amafunika kuwonjezera pang'ono mlungu uliwonse. Athireni madzi akangodzaza, pampu iyende maola angapo, klorini adikire. Palinso kafyuluta komangirira kumapeto kwa paipi yothirira, kamathandiza ndithu. Kwathu madzi amayamba akhala m'thanki usiku wonse, china mwa chitsulocho chimakhazikika pansi.

Koma musamve ngati ndikuti madzi a borehole akhale opanda klorini mpaka mawa. Amene tinali muno mu 2018 tikukumbukira kolera ya ku Glen View ndi Budiriro, imene inafalikira kudzera m'madzi a zitsime ndi ma borehole oipitsidwa. Kuyera kwa madzi m'maso si umboni. Klorini adikire maola, osati masiku.

Musanathire china chilichonse, dziwani malita a jakuzi yanu. Ngati buku lake linatayika, onani nthawi imene paipi imatenga kudzaza ndowa ya malita 20, kenako onani nthawi imene yatenga kudzaza jakuzi yonse, masamu ake ndi apafupi. Pemphaninso bwana akugulireni sikelo yaing'ono ya kukhitchini yoyeza magalamu. Zoyeza ndi dzanja kapena chivindikiro cha botolo zisiyeni kudziwe. Manambala a pa timapepala toyezera madzi amalembedwa mu ppm, ndipo ppm imodzi ndi galamu imodzi ya chinthu mu malita 1,000 a madzi.

Kapepala koyezera kali ndi mwambo wake. Manja akhale ouma potulutsa, botolo mutseke nthawi yomweyo, chifukwa chinyezi chikalowa timapepala tonse timanama. Viikani mkono mpaka m'chigongono, kutali ndi jeti, tulutsani osakutumula, gwirani chogona, dikirani masekondi amene alembedwa pabotolo, nthawi zambiri 15. Yerekezani mitundu panja pamthunzi, osati pansi pa babu. Mukachedwa mphindi imodzi mitundu imasintha ndipo mudzathira mankhwala pa vuto limene kulibe.

Choyamba kukonza ndi alkalinity, ifike pakati pa 80 ndi 120 ppm. Anthu amathamangira pH, muyeso wa asidi m'madzi, chifukwa ndiyo amaidziwa, koma alkalinity ndiyo imagwira pH kuti isamangokwera ndi kutsika. Ikachepa, lero pH ili 7.8, mawa 6.8, inu n'kumangothamangitsana nayo. Ikachuluka, pH imakakamira pamwamba, muthire asidi m'mawa, madzulo yabwerera. Mankhwala okwezera alkalinity ndi sodium bicarbonate, soda yemwe uja amayi amathira m'therere. Wa m'botolo lolembedwa za jakuzi ndi wa m'paketi ya kugolosale ndi mmodzi, kusiyana mtengo. Magalamu 17 mu malita 1,000 amakweza alkalinity ndi 10 ppm. Kwa ife a malita 1,500 ndi magalamu 25. Samalani kuti musasokoneze ndi soda ash, amene ndi sodium carbonate: ameneyo ndi waukali, amakweza pH kwambiri, ndipo malo ake ndi pamene pH yokha yatsika.

Ngati alkalinity yachuluka, monga zimakhalira ndi ma borehole ena, motsitsira mwake ndi asidi wa ufa, sodium bisulphate, amene amalemba pH down kapena dry acid. Pafupifupi magalamu 25 mu malita 1,000 amatsitsa ndi 10 ppm. Asidi wamadzi wa kudziwe uja amagwira ntchito yomweyo, koma ine m'jakuzi sindimufuna: ndi wamphamvu kwambiri pa madzi ochepa chonchi, ndipo dontho likagwera pachivindikiro kapena pa pilo limasiya chipsera. Asidi amatsitsa alkalinity ndi pH limodzi, ndiye musathire wambiri kamodzi. Thirani gawo, dikirani, yezani. pH ikatsika kufika cha m'ma 7.0 alkalinity ikadali pamwamba, tsegulani timabatani ta mpweya n'kuyatsa majeti onse. Thovu la mpweya limatulutsa carbon dioxide m'madzi, pH imakwera yokha, alkalinity osasuntha. Kenako thiraninso asidi. Ndi ntchito yodya nthawi, nthawi zina tsiku lonse, koma mukaichita bwino pa tsiku lodzaza, miyezi yotsatira mumapuma.

Zimenezi zikutanthauzanso kuti pa nthawi ina iliyonse yothira mankhwala, timabatani ta mpweya tikhale totseka, pampu yokha ikuzungulitsa madzi. Ndaona anthu akudandaula kuti pH yawo siitsika, pamene majeti a mpweya amasiyidwa otsegula usana ndi usiku.

Alkalinity ikakhala m'malo, nthawi zambiri pH imakhala yayandikira kale. Ifunika pakati pa 7.2 ndi 7.8, ine ndimalinga 7.4 mpaka 7.6. Ikatsika kwambiri madzi amadya hita ndi mphira za m'pampu, maso amawawa. Ikakwera klorini amafooka ndipo madzi amachita mbuu.

Chachitatu ndi calcium, pakati pa 150 ndi 250 ppm. Madzi opanda calcium wokwanira amachita thovu msanga ndipo amadya zitsulo. Okwezera ake ndi calcium chloride, pafupifupi magalamu 15 mu malita 1,000 pa 10 ppm iliyonse. Sungunulani kaye m'ndowa ya madzi, ndipo musadabwe ndowa ikafunda, amatero. Musathire nthawi imodzi ndi soda, madzi amayera ngati mwathiramo laimu, siyanitsani ndi maola. Calcium akachuluka palibe ufa womutsitsira. Amakakamira pa hita n'kuuma gwa, hita n'kumadya magetsi ambiri mpaka kupsa. Chothandiza ndi kusakaniza ndi madzi ena ofewa podzaza, kusunga pH chakumunsi, ndi mankhwala a stain and scale aja.

Pakati pa mankhwala amodzi ndi ena siyani mphindi 20 kapena 30 pampu ikuyenda, chivindikiro chili chotsegula, ndipo yezaninso. Ufa upite m'madzi, osati madzi kuthiridwa pa ufa. Mankhwala awiri asakumane m'ndowa imodzi kapena pa supuni imodzi yonyowa.

Tsopano klorini, ndipo apa ndi pamene chizolowezi cha kudziwe chimawononga zinthu za ndalama zambiri. M'shedi ya nyumba iliyonse yokhala ndi dziwe mumapezeka mitundu iwiri. Pali wa mibulu ikuluikulu yoika m'choyandama, dzina lake trichlor. Ameneyu ndi wa asidi kwambiri, pH yake ili cha m'ma 3, ndipo m'madzi otentha amasungunuka mothamanga, kugwetsa pH ndi alkalinity, kusuwitsa mtundu wa jakuzi pamene wakhudza, kuwononga mapilo ndi kunsi kwa chivindikiro. Opanga majakuzi ambiri amalemba m'buku kuti mukamugwiritsa ntchito, chikawonongeka musabwerere kwa iwo. Pali wa ufa uja tonse timangoti HTH, amene ndi calcium hypochlorite. Kudziwe ndi wabwino kwambiri, koma kuthira kulikonse kumawonjezera calcium, ndipo m'madzi ochepa otentha zotsatira zake ndi mbuu ndi zouma pa hita. Wa jakuzi ndi dichlor, wa timibulu ting'onoting'ono tosungunuka msanga, amene sasuntha pH kwenikweni. Pogula werengani kumbuyo kwa botolo, mupeze mawu oyamba ndi sodium dichloro. Wogulitsa akakuuzani kuti klorini ndi klorini, musatsutsane naye, ingowerengani nokha.

Dichlor pafupifupi magalamu 2 mu malita 1,000 amapereka 1 ppm. Pa madzi atsopano ndimathira wokwanira kufika cha m'ma 10 ppm kuti aphe zonse zotsalira m'mapaipi, kwa ife ndi magalamu 27 kapena kuposerapo pang'ono. Chivindikiro chikhale chotsegula kwa theka la ola kuti mpweya wa klorini utuluke, apo ayi umadya chivindikirocho kunsi. Munthu asalowe mpaka klorini atatsika kufika 5 ppm, ndipo kuyambira pamenepo azikhala pakati pa 3 ndi 5. Mawa lake m'mawa yezaninso. Ngati watsika pang'ono, zili bwino. Ngati wathera pa 0 usiku umodzi popanda munthu wosamba, m'mapaipi mukadali zamoyo, thiraninso wambiri.

Ena amakonda bromini m'malo mwa klorini, ndipo pa nyumba ya alendo ndikumvetsa chifukwa chake: amapirira kutentha, amagwirabe ntchito pH ikakwerako, fungo lake silibaya m'mphuno. Koma pa madzi atsopano mibulu yake yokha imachedwa kuyamba. Mumayamba mwathira sodium bromide monga paketi yanenera, kenako shock, mankhwala amphamvu othira kamodzi owotcha zonyansa, kuti amudzutse, ndiyeno mibulu m'choyandama kuti azikhala cha m'ma 4 mpaka 6 ppm. Dzuwa limamutha msanga ndipo palibe mankhwala omuteteza, choncho jakuzi yokhala pabwalo isamasiyidwe yosavindikira. Za shock yopanda klorini, imene amalemba MPS, dziwani kuti imawotcha thukuta ndi mafuta koma siilowa m'malo mwa klorini kapena bromini pa kupha tizilombo.

Chimene mabuku a opanga sanena ndi kuthima kwa magetsi. Hita ya 3 kW imakweza malita 1,500 ndi madigiri osafika 2 pa ola. Madzi a m'thanki m'mwezi wa June, ozizira mpaka kuluma zala, amafuna maola 12 kapena kuposa kuti afike 38, ndipo mainveta ambiri a sola a panyumba sanyamula hita yotere. Ufa umasungunuka bwino madzi akafundako, n'chifukwa chake ena amati dikirani atenthe kaye. Kuno mukadikira zimenezo mutha kufika mawa. Ine ndimasungunula chilichonse m'ndowa ya madzi ofunda, kuthira pampu ikadali ndi moto, ndipo ndimaonetsetsa kuti klorini walowa tsiku lomwelo. Magetsi akathima nthawi yaitali madzi ali ofunda, ndimathira dichlor wosungunula kale n'kutakasa ndi ndodo yoyera ya pulasitiki, ndipo akabwera ndimayatsa majeti onse kuti madzi ogona m'mapaipi atuluke akumane ndi klorini munthu asanalowe.

Sindichita zimenezi chifukwa cha kukongola kwa madzi ayi. M'madzi ofunda opanda mankhwala mumaswana kachilombo kotchedwa Pseudomonas, kamene kamatulutsa tiziphuphu toyabwa patapita tsiku kapena masiku angapo, makamaka pamene chovala chosambira chinagwira thupi. Choopsa kwambiri ndi Legionella, amene amakonda madzi a pakati pa madigiri 25 ndi 45. Ameneyu sachita kumwa, amalowa m'mapapo ndi timadontho ta m'nthunzi ya majeti n'kuyambitsa chibayo choopsa, makamaka kwa achikulire ndi osuta fodya. Woyamba kupuma nthunziyo ndi inu amene mumavundukula chivindikiro m'mawa. Kutentha kusapitirire madigiri 40, ana osakwana zaka 5 asalowe, ndipo mayi woyembekezera ayambe wafunsa kuchipatala.

Madzi atsopano akachita thovu pa tsiku loyamba losamba, musathamangire kusitolo. Kawirikawiri ndi sopo wotsalira m'zovala zosambira zochapidwa ndi sopo wa ufa, kapena mafuta odzola, amene nyengo yozizira tonse timapaka mowirikiza. Ndinapempha adona kuti tiike chikwangwani chopempha alendo kusamba kaye ku shawa, ndipo zovala zosambira za panyumba zizingotsukuluzidwa ndi madzi okha. Zinathandiza kuposa botolo lililonse. Mwezi wa October maluwa a jakaranda akamagwa, ntchito ndi kuvindikira basi.

Dichlor ali ndi mchira wake. Pa 10 ppm iliyonse ya klorini amasiya pafupifupi 9 ppm ya stabiliser, mankhwala oteteza klorini ku dzuwa, ndipo ameneyu satuluka m'madzi. Akapitirira 50 ppm klorini amayamba kugwira ntchito mwaulesi ngakhale kapepala kakuonetsa kuti alipo. Choncho stabiliser wa kudziwe musathire konse m'jakuzi, ndipo musadikire kuti madzi anunkhe kuti muwasinthe. Panyumba ya banja ndi miyezi 3 kapena 4 iliyonse. Kwa ife a alendo ndi kawirikawiri kuposa apo. Bwana akadandaula za mtengo wa madzi, muuzeni kuti otayidwawo, klorini akatsika kufika pa 0 ndipo atazizira, amathirira kapinga bwinobwino.

Posunga, mankhwala akhale pouma, pamthunzi, pamwamba pamene ana safika, aliyense m'botolo lake lotseka ndi supuni yake. Asidi akhale shelefu ina kutali ndi klorini aliyense, chifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wakupha. HTH asayandikane ndi dichlor kapena trichlor, mitundu imeneyi ikasakanikirana ndi kachinyezi pang'ono imatha kuphulika. Ndipo m'mashedi ambiri amene ndalowamo, chigubu cha petulo wa makina otchetchera kapinga chimakhala pafupi ndi chidebe cha klorini wa ufa. Petulo kapena oilo akadonthera mu ufa umenewo moto umayaka wokha, ndiye chimodzi mwa ziwirizi chisamukire ku galaja lero lomwe.